Msewu wa Gorodi ndi Phiri la Khondowe

Mbiri ya Mpingo wa C.C.A.P. inasungidwa m'mabuku a misonkhano, m'makalata a amishoni ndiponso m'mitu ya okalamba athu. Komatu mbali ina ya mbiriyi inalembedwa pa nthaka yeniyeni, ndipo munthu amaiwerenga ndi mapazi. Malo amodzi otere ndi chitunda chija chimene chimayambira pa Chitimba, m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, ndi kukwera m'nkhalango kufikira pa Khondowe, pamene pali Mishoni ya Livingstonia. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 15, ndipo munthu akafika pamwamba amakhala atakwera mamita pafupifupi 900 kuchokera pa madzi a nyanja. Wamphamvu amayenda maora atatu kapena anayi. Wokalamba amatha tsiku.

Ambiri amene amakwera chitundachi amakopeka ndi kukongola kwake, ndipo n'zoona kuti ndi malo ochepa m'dziko muno amene angafanane nacho. Koma ife abusa, akulu a mpingo ndi nthumwi za Sinodi tiyenera kufunsa zoposa pamenepo. Kodi anthu amene anabwera kudzalalikira kwa anthu a m'midzi anakweranji phiri lotere, kutali ndi midzi ikuluikulu? Nanga kukwerako kunaupatsa chiyani Mpingo, ndipo kunaulanda chiyani?

Chimene chinawakweza phiri

Gulu loyamba la amishoni a Free Church of Scotland linalowa m'nyanja pa sitima ya Ilala pa 12 Okutobala 1875, patapita zaka ziwiri chimwalirire David Livingstone. Wotsogolera ulendowo anali E. D. Young, ndipo m'gulumo munali dotolo wachinyamata wa ku Aberdeen, Robert Laws. Sitimayo inabwera yophwasula, ndipo amuna mazanamazana anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Anakhazikika ku Cape Maclear, chifukwa dooko lake linali labwino kwa sitima. M'chaka chotsatira kunafika alaliki anayi a mtundu wa Axhosa ochokera ku Lovedale, ku South Africa, ndipo mmodzi wa iwo anali William Koyi.

Dooko linali labwino, koma malungo anali oopsa. Dr. William Black ndi Shadrach Mngunana, mmodzi wa alaliki aja, anamwalira m'chaka cha 1877, ndipo ena anawatsatira. Pamene Albert Namalambe ankabatizidwa m'mwezi wa Malichi 1881, kukhala woyamba kubatizidwa m'mishoniyi, kuseri kwa mishoni kunali kale manda asanu. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Kumeneko anthu anali ambiri, sukulu zinadzaza, ndipo ntchito inafalikira mpaka kwa Angoni ku Njuyu ndi ku Ekwendeni. Koma Bandawe nayenso anali m'mphepete mwa nyanja, ndipo manda a kumeneko anachuluka koposa a ku Cape Maclear.

Tikumbukire kuti masiku amenewo kunalibe amene ankadziwa gwero la malungo. Ronald Ross anatulukira kuti matendawa amayenda ndi udzudzu m'chaka cha 1897, Laws atasankha kale malo ake. Chimene Laws anaona ndi maso ndi chakuti wodwala akapita kumtunda kozizira amapezako bwino, ndipo akabwerera kunyanja amagwanso. Anafunanso malo a madzi osaphwa, nthaka yolima, mitengo ndi miyala yomangira, pakuti mumtima mwake munali sukulu yaikulu yofanana ndi Lovedale, yophunzitsa aphunzitsi, alaliki ndi amisiri a dera lonse la pakati pa Afrika. M'chaka cha 1894 iye ndi Yuraia Chatonda Chirwa anayenda m'mapiri a kum'mawa kwa Nyika nafika pa Khondowe, kunsi kwa phiri la Nyamkhowa. Pamene anamanga msasa wawo pali mulu wa miyala wa chikumbutso. Nthawi imeneyo Mlozi, wamalonda a akapolo uja, anali adakali m'linga lake ku Karonga. Anagonjetsedwa kumapeto kwa 1895.

Kuchokera pa Chitimba

Amishoni ankatchula gombe la Chitimba kuti Florence Bay. Pamenepo ndi pamene sitima zinkatsitsa katundu yense wa mishoni. Ulendo umayambira m'minda ya chinangwa ndi m'mithunzi ya mango, m'dziko lotentha la asodzi, mmene usipa umayanikidwa pa thandala. Posakhalitsa minda imatha, njira n'kuyamba kukwera, ndipo munthu amalowa m'nkhalango ya miombo ndi misuku. M'mwezi wa Sepitembala miombo imaphuka masamba ofiira, kotero kuti phiri lonse limaoneka ngati lagwira moto mvula isanagwe. M'Okutobala nyenje zimalira mogonthetsa m'khutu. Nthawi ya dzinja pansi pamamera bowa, timitsinje timasefukira, ndipo miyala imaterera. Anyani amakhala pa matanthwe kuyang'ana odutsa, osathawa.

Msewu wa galimoto umakwera mokhotakhota, magulaye pafupifupi 20, ena othina kotero kuti galimoto lalitali limayamba labwerera m'mbuyo lisanakhote. Pa gulaye aliyense wolunjika kum'mawa mitengo imatseguka, nyanja n'kuonekera pansi, ndipo nthawi iliyonse imaoneka yokulirapo kuposa poyamba. Oyenda pansi ali ndi tinjira tawo todulira, tolunjika kumwamba, timene timafupikitsa mtunda koma timathetsa mpweya. Amene anazolowera amati usayang'ane nsonga ya phiri, yang'ana pamene ukuponda; tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Msewuwu unatha kulambulidwa m'chaka cha 1905. M'mabuku a mishoni umatchedwa Longmuir Road, koma eni dziko amautcha Gorodi, ndipo dzina limeneli ndi limene lakhala. Unakumbidwa ndi makasu, mapiki ndi mitanga, popanda makina alionse. Tsono tiyenera kuwerengera bwino: kuyambira 1894 kufikira 1905 ndi zaka 11, ndipo m'zaka zonsezo chilichonse chimene chinafika pa Khondowe kuchokera kunyanja chinakwera pa mutu kapena pa phewa la munthu. Malata, mipope ya madzi, zitsulo za makina osindikizira mabuku, mabokosi a mankhwala, ngakhalenso azungu odwala ogona m'machila, zonsezi zinasenzedwa ndi amtengatenga. Mayina a amene anapereka ndalama ku Scotland analembedwa pa zipupa ndi pa miyala. Mayina a osenzawa sanalembedwe, ngakhale kuti popanda iwo sipakanaikidwa lata ndi limodzi lomwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Livingstonia linasenzedwa ndi mitu yambirimbiri ya Atonga, Atumbuka, Aphoka ndi Angoni.

Pa mathithi a Manchewe

Patatsala makilomita pafupifupi anayi kufika pa mishoni, woyenda amamva mkokomo wa madzi kumbali kwa njira. Pamenepo mtsinje wa Manchewe umadzigwetsa m'phompho lakuya mamita oposa 100, m'chigwa chodzaza mitengo yobiriwira chaka chonse. Munthu akaima pamphepete amaona chigwacho chikutsetsereka mpaka kunyanja. Kanjira kena kopapatiza kamatsikira kuseri kwa madzi ogwawo, kumene kuli phanga.

Phanga limeneli ndi mboni yakuti Khondowe sanali malo opanda eni. Aphoka anakhala m'mapiri awa kalekale, akulima m'malo otsetsereka ndi kusula zitsulo. M'zaka zimene nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo zinkasakaza dziko, iwo ankathawira m'mapanga ndi m'maphompho otere, mayi atatseka pakamwa pa mwana kuti asalire, phokoso la madzi likubisa mawu awo. Motero phirili linali pothawirapo amishoni asanafike. Aphoka anathawa mikondo, amishoni anathawa malungo, ndipo anakumana pa phiri limodzi.

Madzi omwewo anasanduka wantchito wa mishoni. M'chaka cha 1904 madzi a m'mipope anafika pa Khondowe kuchokera kumapiri, ndipo m'chaka cha 1905 makina oyendetsedwa ndi madzi a Manchewe anayamba kupanga magetsi. Panthawiyo mizinda yambiri ya m'dera lino la Afrika inkaunikira nyali za mafuta. Mphamvu yomweyo inayendetsa makina ochekera matabwa ndi chigayo.

Pamwamba pa phiri

Kupitirira Manchewe njira imafatsa, mphepo imazizira, ndipo miombo imasiyira malo mitengo ya bulugama ndi paini yobzalidwa m'mizere. Nyumba za njerwa zofiira zimayamba kuoneka motalikirana, monga mmene Laws anazikonzera, pakuti iye anayeza misewu ya mzinda wonse nyumba zisanamangidwe. Pali nyumba ya nsanja ya wotchi. Pali chipatala cha David Gordon Memorial, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1911. Pali tchalitchi chachikulu, chimene mwala wake wa maziko unaikidwa m'chaka cha 1916, koma Laws anachoka chisanathe. Pa zenera lake la magalasi amitundumitundu pali chithunzi cha Livingstone ndi anzake a paulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo. Ndipo chakumapeto, pafupi ndi phompho, pali Stone House, nyumba ya miyala ya m'chaka cha 1903 mmene Laws anakhala, imene pambuyo pake inasanduka mosungiramo zinthu zakale za mishoni ndi mogona alendo.

Munthu akaima kutsogolo kwa nyumbayi amamvetsa chimene chinagwira mtima wa Laws. Pansi penipeni pali gombe la Chitimba ngati kamzere koyera. Kumpoto kuli ndomo ya Chilumba yolowa m'madzi. Kumwera kuli phiri la Chombe la mutu wathyathyathya, limene azungu analitcha Mount Waller. Kutsidya, kukacha bwino, kumaoneka mapiri a Livingstone a m'dziko la Tanzania, otsikira m'madzi ngati khoma. Nthawi zina pakati pa nyanja pamadzuka nkhungu, tizilombo touluka tija timene patali timaoneka ngati utsi wa sitima. Mabwato a asodzi amaoneka ngati njere za mpunga. Malo otere amaphunzitsa munthu kuganiza za mayiko, osati za mudzi umodzi wokha.

Sukulu imene inayamba pano kumapeto kwa 1894 inatchedwa Overtoun Institution, potsata Lord Overtoun wa ku Scotland amene anaithandiza ndi chuma chake. Inaphunzitsa uphunzitsi, za ubusa, za chipatala, ukalaliki ndi kutumiza mauthenga pa lamya, ukalipentala, kusema miyala, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Ophunzira anachokera ku Bandawe, ku Ungoni, ku Karonga, ku Kasungu, ndiponso ku madera amene tsopano ali m'Zambia ndi m'Tanzania. Ambiri anayenda pansi masiku ambirimbiri, ndipo chitunda cha Gorodi chinali mayeso awo oyamba.

Amene anatsika ndi amene anadikira

Phindu la Khondowe silinaoneke pa Khondowe pomwepo, koma kumene anapita amene anatsikako. David Kaunda anatumidwa kukagwira ntchito pakati pa Abemba ku Chinsali, ndipo kuchokera m'ntchito yake munabadwa mpingo wa ku Lubwa. Mwana wake Kenneth anadzakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia. Levi Mumba anali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association m'chaka cha 1912, ndipo m'chaka cha 1944 anasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Clements Kadalie anafika mpaka ku Cape Town, kumene m'chaka cha 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la I.C.U., limene linagwedeza South Africa yense. Pambali pa otchukawa panali aphunzitsi mazana ambiri a sukulu za m'midzi, olandira malipiro ochepa, amene anaphunzitsa dziko kuwerenga ndi kupemphera.

Koma buku lachikumbutso limene limangotamanda ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Phiri limene linakweza anthu m'maphunziro linachedwa kuwakhulupirira pa udindo. Charles Domingo, amene William Koyi anabwera naye ali mwana kuchokera ku Quelimane, anali woyamba kutsiriza maphunziro a ubusa pa Khondowe. Anapatsidwa chilolezo cholalikira, nadikira kudzozedwa chaka ndi chaka osadzozedwa, mpaka anachoka cha m'ma 1908. Elliot Kamwana anasiya sukuluyi, ndipo atabwerako ku South Africa anabatiza anthu pafupifupi 10,000 ku Utonga m'miyezi yowerengeka ya 1908 ndi 1909, Boma lisanamuchotse m'dziko. Ambiri mwa amene anathamangira kwa iye anali anthu otopa ndi kudikira zaka zambiri m'makalasi a ubatizo.

Abusa oyamba a mishoni ya Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'mwezi wa Meyi 1914, patapita zaka 39 chifikire Ilala. Ku Blantyre Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anali atadzozedwa m'chaka cha 1911, ndipo ku Nkhoma Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza anadzozedwa m'chaka cha 1925. Kuchedwaku tsono kunali kwa mishoni zonse. Ngakhale atadzozedwa, abusa achikuda anaona kuti mawu otsiriza pa za ndalama ndi za ntchito anali a bungwe la amishoni okha, mmene iwo sankakhalamo. Mwasi, amene anafika pokhala Modereta wa Presbiterio, anatuluka m'chaka cha 1933, nalemba zifukwa zake momveka bwino, nayambitsa mpingo wakewake. Amishoni anali ndi zifukwa zawo: ankaopa kuika manja msanga pa munthu, ndipo ankafuna mpingo wa maziko olimba. Koma munthu wokhala pamwamba amaona kutali, n'kulephera kumva zimene zikunenedwa pansi. Mpingo unataya ena mwa ana ake anzeru koposa, ndipo mabala a nthawi imeneyo anatenga zaka kuti apole.

Masiku awiri oyenera kukumbukiridwa

Pa phiri lomweli panachitika zinthu ziwiri zimene zimakhudza Sinodi iliyonse ya Mpingo wathu. M'mwezi wa Sepitembala 1924 nthumwi za Presbiterio ya Blantyre ndi ya Livingstonia zinasonkhana pa Khondowe ndi kukhazikitsa Church of Central Africa Presbyterian, ndipo Dr. Laws anasankhidwa kukhala Modereta woyamba. Presbiterio ya Nkhoma inalowa m'chiyanjanochi m'chaka cha 1926. Ubale wa Nkhoma ndi Livingstonia unali wakale, pakuti A. C. Murray atafika m'chaka cha 1888 anayamba wakhala ndi amishoni a Livingstonia, asanapite ndi T. C. B. Vlok kukatsegula Mvera m'chaka cha 1889. Pambuyo pake analowanso abale a ku Harare m'chaka cha 1965 ndi a ku Zambia m'chaka cha 1984. Choncho mbusa wa ku Mulanje, wa ku Dedza, wa ku Lundazi kapena wa ku Bulawayo akakwera Gorodi, sakwera ngati mlendo.

Tsiku lachiwiri linadza m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Atsogoleri a Congress anamangidwa, ndipo tsiku lomwelo anthu osachepera 20 anaphedwa ndi asilikali pa dooko la Nkhata Bay. Boma linkakhulupirira kuti azungu a m'malo akutali ali pangozi. Ndege inauluka pamwamba pa Khondowe ndi kugwetsa uthenga m'chitini cha utsi wokhetsa misozi, wofunsa amishoni ngati akufuna kusamutsidwa, ndi kuwauza kuti ayankhe poika chizindikiro pansi. Anthu a pa mishoni, akuda ndi oyera, anakhala pamodzi nakambirana. Ndege itabweranso inapeza pa kapinga wa pafupi ndi Stone House zilembo zikuluzikulu zoyera zoloza ku Aefeso 2:14, ndime imene imanena za Khristu monga woyanjanitsa anthu amene anali olekanitsidwa. Amishoni sanachoke. Chithunzi chojambulidwa kuchokera m'ndege chinatuluka m'nyuzipepala, ndipo zilembozo zinakonzedwanso mokhazikika pamalo pomwepo kuti odzacheza aziziona.

Tisaiwale kuti yankho limenelo silikanatheka pakanapanda zaka za kudandaula kwa anthu onga Domingo ndi Mwasi. Pofika 1959 ulamuliro wa Mpingo unali utayamba kuchoka m'manja mwa bungwe la amishoni kupita m'manja mwa Sinodi, ndipo mbusa wachikuda ndi mmishoni ankakhala pa bwalo limodzi ndi mawu ofanana. Anatha kuyankha ndi mawu amodzi chifukwa anali ataphunzira, mochedwa ndi mowawa, kumverana.

Kutsika

Laws anachoka m'chaka cha 1927 atatumikira zaka 52, ndipo anamwalira m'chaka cha 1934. Loto lake la sukulu ya ukachenjede pa Khondowe linakanidwa ku Scotland iye akali moyo, chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndiponso chifukwa ena ankaona kuti mphamvu zipite ku sukulu za m'midzi. Patapita nthawi likulu la Sinodi ya Livingstonia linasamukira ku Mzuzu, kufupi ndi misewu ndi anthu, ndipo m'chaka cha 1977 maphunziro a ubusa a Masinodi anaphatikizidwa ku Zomba. Ena anaona ngati phiri lasiyidwa. Koma m'chaka cha 2003 Sinodi inatsegula University of Livingstonia pa Khondowe pomwepo, ndipo amene anaitsegula anali zidzukulu za ophunzira ndi amtengatenga aja.

Odziwa mapiri amati kutsika kumapweteka mawondo kuposa kukwera. Chimodzimodzinso m'Mpingo. Kumanga likulu, kukweza maphunziro a abusa ndi kukhazikitsa malamulo a Sinodi ndi ntchito yofunika, ndipo popanda Khondowe sitikanakhala ndi aphunzitsi, anamwino ndi abusa amene anaumba Mpingo uno. Chovuta ndi kubwerera kumene kuli anthu: kumvera mlaliki wa kumudzi amene watumikira zaka zambiri osakumbukiridwa, kuyankha mnyamata wophunzira amene akufunsa mafunso olimba, kupatsa udindo munthu amene wakonzeka m'malo momuuza kuti adikire chaka china. Sinodi iliyonse ili ndi phiri lake, ngakhale likulu lake litakhala m'chigwa.

Nthumwi imene ingapeze mpata wopita kumpoto ichite bwino kusiya galimoto pa Chitimba m'mamawa, dzuwa lisanatenthe, ndi kukwera pansi pamodzi ndi amayi osenza usipa ndi ana a sukulu. Ipume pa Manchewe, ione phanga la Aphoka, iime pa mulu wa miyala wa Laws ndi Chirwa, iwerenge zilembo za pa kapinga. Ikatha kuona nyanja ndi mapiri a kutsidya, itsikenso njira yomweyo, pakuti midzi, mipingo ndi anthu amene anaituma ali kunsi.